Dzina Langa pa Mkono wa Mlamu

6 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana uja ukumandikumbutsa kuti unyamata unapita. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimasuka. Kuno khoma la chipinda chathu ndi la bolodi, munthu akayetsemula chipinda chinacho ife timayankha kuti pepani, ndipo kumudziko ndikudziwa kuti foni ikangolira amayi anga amasendeza mpando.

Mlongo wanu anafika bwino. Wapeza kale ganyu pamene akumanga nyumba yosanja, amasenza njerwa ndi kusakaniza simenti. Mapepala alibe, ndiye ndamulangiza kuti akaona galimoto ya apolisi asathamange, aziyenda ngati munthu wopita kukagula buledi. Akugona pa matiresi pafupi ndi chitseko. Ndi mnyamata waulemu koma wosalankhula, mpaka a Ndevu a chipinda chinacho anandifunsa ngati alamu angawa pakamwa anasiya pa bodala.

Zonse munamupatsira ndalandira, zikomo. Koma pali kanthu kamodzi. M'chikwama mwake munali kansalu kosoka mbali zonse zinayi ndi ulusi wanu wakuda uja. Nditangokagwira anandilanda ngati ndamutosa m'diso. Mkati mumalira tinthu ngati nyemba zouma. N'chiyani chimenechi? Ngati ndi zithumwa za kwanu mundiuze, chifukwa ine ndimagona m'chipinda momwemo.

Kuntchito andisintha. Kampani yathu yandichotsa ku mawodi a chipatala, tsopano ndikukankha machira kumbali imene amafikira anthu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Ife timangoti ku ngozi. Kumeneko munthu sukhala pansi, ambulansi ina ikamachoka ina ikulowa.

Kuli mayi wina amene sindikumumvetsa. Si dokotala, si nesi. Akuti ndi wa ku famase, katswiri wa mankhwala. Koma a ku famase amene ine ndimawadziwa amakhala kuseri kwa kawindo n'kumakukankhira mapiritsi osakuyang'ana. Uyu ayi, ali nafe pakati pa magazi ndi masanzi. Wodwala akangofika iye ali kale pambali: mumamwa mankhwala anji, angati, munamwa liti komaliza, anakupatsani ndani. Wokomoka amamukhuthulira matumba pa thireyi. Piritsi lililonse amalitembenuza, kuwerenga timanambala take, n'kulemba m'kabuku kamene kamakhala m'thumba la pachifuwa. Tinamupatsa dzina loti Mayi Mafunso. A Ndevu, amene amakolopa komweko, akuti kabuku kameneko sikalemba mapiritsi okha, kamalembanso anthu. Ine ndimamulambalala.

Denga la kukhitchini musadikire ine, pezani mmisiri mitengo isanawole. Nsapato zakuda ndatumizazo ndi za a Hedi athu. Akadawandandalikabe azing'ono awo pakhonde n'kumawaphunzitsa ndi kamtengo? Zaka khumi ndi ziwiri zokha, koma mwana wamkaziyu adzatilamula tonse.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana


27 Malichi

Amake ana,

Moni nonse. Yanu adalaivala a basi anandipatsa Loweruka. Ndakondwa kuti denga latheka ndiponso kuti miyendo ya amayi yaphwa. Ine ndikadali chimodzimodzi.

Mwati kansalu kaja ndi mapiritsi a m'mimba. Chabwino. Koma ine tsopano ndine munthu wa kuchipatala, ndipo sindinaonepo mapiritsi a m'mimba osokerera m'nsalu. Bokosi lake lili kuti? Mlongo wanu amamwa m'mawa ndi madzulo osaphonya, atayang'ana kukhoma, ndipo a tsiku limenelo amawaika m'kachitini ka switi. Mimba yake ndi yotani yosatsegula, yosapota, koma yofuna mapiritsi tsiku ndi tsiku? Ndikamufunsa amangoti, "Afunseni achemwali." Ndiye ndakufunsani.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi za a Hedi. Mwalemba mzere umodzi wokha, kuti anagwa pa asembule kusukulu n'kudziluma lilime chifukwa dzuwa linachuluka. Asembule ya seveni koloko m'mawa, dzuwa lake liti? Kapena akupita osadya? Azimwa tiyi asananyamuke, ngakhale akane.

Ku ngozi zinthu sizili bwino. Sabata yatha mnzathu wina wokankha machira anachotsedwa ntchito. Bambo wina anali pamzere akubuula ndi mutu, mnzathuyo n'kumumvera chisoni, kumupatsa mapiritsi awiri a ululu a m'thumba mwake. Mayi Mafunso atafika ndi mafunso ake, bamboyo anaulula. Akuti amamwa kale mankhwala osungunula magazi, ndipo awiri aja akanatha kumuchuchitsa magazi mkati. Kaya n'zoona, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti mnzathu ali pakhomo ndi ana atatu, ndipo chilolezo chake chokhalira kuno chinali chomangirira ku ntchito yomweyo, ngati changachi.

Lachiwiri anandipeza ine pampopi ndikumeza piritsi langa.

"Bambo, amenewo ndi a chiyani?"

Ndinati a mutu. Anangotambasula dzanja, ine ngati mwana wa sukulu n'kupereka kapepala kake. Anawerenga, anayang'ana baji yanga ya pachifuwa, n'kutchula dzina langa lonse bwinobwino, chinthu chimene mabwana ena alephera zaka zinayi.

"Awa ndi a bipi. Nanga msanawo mukumwera chiyani? Ndimakuonani mukamadzuka pampando."

Ndinamuonetsa ofiira aja ogula pashopu. Anati ndisiye, amalimbana ndi a bipi ndipo adzandiwonongera impso. Kenako anatulutsa kabuku n'kulemba. Alemberanji? Kodi kampani ikamva kuti munthu ali ndi bipi ndi msana ingamusunge pa machira? Chiyambire tsiku limenelo bwana akandiitana ndimangoti basi, nthawi yakwana.

Ofiirawo ndasiya, osati chifukwa cha iye, anangotha okha.

Mbuzi ya bere musaigulitse, ngakhale abwere ndi pakamwa pozuna.

Ndine wanu,
Bambo a ana


19 Epulo

Amake ana,

Landirani moni wanga ndi wa mlongo wanu. Ndamva kuti nonse muli bwino. Za a Hedi simunalembe kanthu ulendo uno, ndiye nditenga kuti za dzuwa zija zinatha.

Kuno kwayamba kuzizira, ndipo zinthu m'mashopu zakwera ngati zili ndi mapiko. Bulangeti limene ndakutumizirani ndi lopyapyala, musandiseke, n'limene ndinakwanitsa.

Mlongo wanu anadwala chifuwa, fumbi la simenti lija. Masiku anayi akutsokomola ngati injini yokana kulira, thupi kutentha, makhololo achikasu. Musade nkhawa, tsopano akupezako bwino. Vuto n'loti ku kiliniki kuno safuna nkhope ya munthu, amafuna khadi, ndipo wopanda mapepala khadi alibe. M'nyumba ino anthu ali ndi njira yawo, khadi limodzi limachiritsa anthu asanu. La akazi awo a Ndevu linabereka kawiri chaka chimodzi, mu Januwale ndi mu Juni, manesi n'kumangoyamikira kuti mayiyu ndi wamphamvu.

Ine zimenezi ndakhala ndikuzikana zaka zonsezi. Sindikunena kuti ndachita. Ndingoti mlongo wanu anapita ku kiliniki ina yakutali ndi kuntchito kwanga, anamupatsa mapiritsi a chifuwa oti amwe masiku khumi, ndipo tsopano akutha kupuma. Akanafera m'chipinda mwanga ndikanakuuzani chiyani? Zina tidzakamba pamaso. Kalatayi musaisiye patebulo.

Atabwerako ndinamufunsa ngati anawauza za mapiritsi ake a m'mimba. Onani, matenda a Mayi Mafunso andilowa osadziwa. Anati anamufunsa ngati pali mankhwala ena amene amamwa, iye n'kuyankha kuti ndi omwe ali m'kompyutamo. Ndinamuyamikira kuti wachenjera.

Mayi ameneyu dzulo anagwira dokotala. Anabwera ndi kamwana kakubanika, dokotala wachinyamata n'kutchula mlingo wa jakisoni. Jakisoni wa anthu otere amakoka ndi Mayi Mafunso, amalemba dzina pa sirinji n'kutchula mokweza asanapereke kwa nesi. Koma dzulo sanakoke.

"Dokotala, mwanayu ndi makilo khumi ndi awiri. Papepala alemba makumi awiri ndi imodzi. Ndamuyeza ndekha."

Dokotala anayang'ana pepala, anayang'ana mwana, n'kunena kuti zikomo, tichepetse. Kamwanako kanatuluka madzulo kakuyamwa. A Ndevu anandinong'oneza kuti ngati akugwira madokotala a masetifiketi, ife a mopu ndi machira ndife ndani? Potuluka mayiyo anandiona n'kufunsa kuti, "Msana uli bwanji?" Ndinati uli bwino kwambiri, sunawawepo chibadwire. Munthu sangakufunse za msana kawiri popanda chimene akufuna.

Muwauze ana kuti ndawasowa.

Bambo a ana


24 Epulo

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino koma mtima ayi, ndiye sindizungulira. Mlongo wanu wayamba kumwa.

Lamlungu anakwera masitepe akudzandira, atagwira khoma ndi manja awiri. Lolemba anafuna kutenga kapu patebulo, dzanja n'kupita pambali, tiyi yense pa matiresi. Lilime lalemera, mawu akutuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Dzulo anaima pakhomo n'kundifunsa kuti, "Alamu, chitseko chenicheni ndi chiti, ichi kapena ichi?" Kenako anasanza m'beseni langa losambira. A Ndevu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma ine sindinaseke.

Chodabwitsa n'choti fungo palibe. Ndinamununkhiza pakamwa ngati galu, palibe. A Ndevu akuti masiku ano kuli mowa wosanunkha, ndiponso pa zomangamanga anyamata amagulitsana timaufa tina. Ndinafufuza m'chikwama mwake iye atagona, sindinapeze kanthu koma kansalu kanu kaja. Nditamukalipira analira misozi, munthu wamkulu, n'kumati, "Alamu, chibadwire sindinalawepo." Zidakwa zonse zimalumbira choncho.

Kapitawo wawo wanena kale kuti akadzandiranso pamakwerero amuthamangitsa. Ine ndamuuza kuti zikapitirira ndimukweza basi abwerere. Akadakhala wina ndikanamutulutsa kale, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu wopanda mapepala akamadzandira mumsewu amaitanira apolisi nyumba yonse.

Tsopano ndikufunseni komaliza, ndipo mundiyankhe ngati mwamuna wanu. Mapiritsi a m'kansaluwa ndi a chiyani? Kapena ndi iwowa akumuzunguza mutu? Munanditumizira munthu wotani? Ndinaganizako zoba limodzi n'kukamuonetsa Mayi Mafunso, chifukwa piritsi limene iye salidziwa silinapangidwe. Koma akafunsa kuti ndi la ndani, ndidzati chiyani? Kumeneko ndi kudziika wekha m'kamwa mwa ng'ona. Ndasiya.

Amayi musawauze. Mukudziwa mmene amalankhulira za anthu a kwanu.

Bambo a ana


28 Epulo

Amake ana,

Mlongo wanu ali moyo. Wadzuka lero m'mawa, wandizindikira, wapempha madzi. Adokotala akuti choopsa chadutsa.

Zina munamva nokha pafoni Lachisanu. Amayi muwauze kuti ndi chifuwa chija. Ine masiku ano ndili pakhomo, andiuza kuti ndidikire kaye, adzandiitana.

Sindikudziwa ngati ndakwiyira inu kapena ndadzikwiyira ndekha. Ndilemba bwino mtima ukakhala pansi.

Bambo a ana


6 Meyi

Amake ana,

Moni nonse. Mlongo wanu atuluka mawa kapena mkucha. Akuyenda mowongoka ndipo chitseko akuchiona chimodzi. Ine ndili bwino. Inu munangomva mawu pafoni, ndiye ndikufuna mudziwe zimene maso anga anaona, kuti tikamadzakangana tidzakangane pa nkhani imodzi.

Inali cha m'ma leveni m'mawa. Ambulansi inaima, ine n'kuthamanga ndi machira monga mwa masiku onse. Atatsegula chitseko, choyamba kuona chinali majombo anga akale amene ndinapatsa mlongo wanu. Anagwa kuntchito kwawo, mwamwayi asanakwere makwerero. Anzake anapisa m'thumba, anapeza khadi, n'kupereka kwa a ambulansi. Khadi langa. Ndinali ndisanalitenge chifukwa anayenera kubwereranso ku kiliniki.

Ndinamukankha ndekha mpaka m'chipinda cha okomoka. Nesi anamumanga kalamba ka pulasitiki pamkono, pali dzina langa lonse ndi tsiku langa lobadwa. Amake ana, apa ndinachita chinthu chimene chidzandichititsa manyazi mpaka kumanda. Sindinanene kuti uyu ndi mlamu wanga. Ndinatembenuza baji yanga kuti dzina liyang'ane pachifuwa, n'kuima pakona ngati munthu wongodikira machira ake.

Kenako anayamba kuphiriphitha thupi lonse, thovu kukamwa. Anamubaya jakisoni, kunaleka, patapita kanthawi kunayambanso. Dokotala anawerenga pakompyuta n'kunena kuti munthuyu alibe mbiri ya kugwa, ndi wa bipi, mwina mtsempha waphulika m'mutu kapena ndi mowa. Anaitanitsa dilipi ya mankhwala amphamvu oletsa kuphiriphitha.

Dilipi yotere amasakaniza ndi Mayi Mafunso. Iye anali atakhuthula kale matumba pa thireyi: makiyi, misomali iwiri, kapaketi ka mapiritsi a chifuwa, ndi kachitini ka switi. Anatsegula kachitiniko, anatembenuza piritsi, anayang'ana m'foni mwake, n'kupukusa mutu.

"Dokotala, ndipatseni mphindi ziwiri. Awa si a bipi, ndipo manambala ake si a mafakitale a kuno. Ngati ali amene ndikuwaganizira, dilipi iyi ikhoza kumuimitsa mtima."

Dokotala anati ziwiri zokha, ubongo sudikira.

Mayi Mafunso anawerenga kalamba ka pamkono. Anayang'ana nkhope ya mnyamata wopanda imvi pamene kompyuta ikunena za bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndiye anatembenuka, sanafunefune, anabwera molunjika pakona panga.

"Bambo, baji yanu yatembenuka."

Ndinaiphimba ndi dzanja.

Anatsitsa mawu. "Dzina lili pamkono paja ndimalidziwa, ndipo mwini wake waima apa. Wagona apoyo ndani? Sindikufunsa za mapepala. Ndikufuna kudziwa chimene chili m'magazi mwake."

Ndinaona ntchito, ndinaona chilolezo, ndinaona sukulu ya ana, ndinaona mnzathu uja wakhala pakhomo. Ndipo ndinamva majombo anga akugunda chitsulo cha bedi. Ndinati, "Ndi mlamu wanga. Khadi ndi langa. A bipi iye samwa. Awo ndi a m'mimba, amachokera kumudzi."

"Si a m'mimba. Bokosi lake ali nalo ndani? Imbani."

Zotsatira mukuzidziwa. Munatchula dzina la pabokosi chilembo chimodzichimodzi, ine ndikubwereza, iye akulemba padzanja pake. Munanena kuti awiri m'mawa, awiri madzulo. Anafunsa kuti amamwera chiyani. Inu munati, "Khunyu. Kuyambira ali ndi zaka naini." Ndipo ine, amene ndakhala nanu zaka khumi ndi zinayi osadziwa, ndi amene ndinamasulira mawu amenewo kwa anthu achilendo.

Dilipi ija anaibweza. Anagwirizana ndi dokotala za mankhwala a mtundu wina, anakoka yekha, anatchula mokweza, nesi n'kubaya. Majombo aja anasiya kugunda.

Masana mayiyo anandipeza m'khonde n'kundifotokozera. Mapiritsi a chifuwa aja amatseka njira imene thupi limachotsera mankhwala a khunyu. Mlongo wanu amamwa mlingo wake wa masiku onse, koma mankhwalawo amangounjikana m'magazi ngati madzi m'ngalande yotsekeka. Kudzandira kuja, zitseko ziwiri zija, kusanza kuja, sunali mowa. Dilipi imene anaitanitsa dokotala imagwira ntchito mofanana ndi mapiritsi a m'kansaluwo, ndiye kukanakhala kuthira madzi m'ndowa yosefukira kale. A ku kiliniki akanadziwa akanamupatsa a chifuwa ena. Koma iwo ankachiza ine, munthu wa bipi.

Ndinamutcha chidakwa, mwana amene sanalawepo. Ndinamununkhiza pakamwa. Ndamupepesa, iye akungoti, "Palibe kanthu alamu, achemwali anati mukadziwa simundilandira." Kodi ndine munthu wotero? Mwina ndinedi, sindikudziwa. Inu munabisa bokosi, ine ndinabwereketsa khadi, ndipo tonse awiri tinatsala pang'ono kumutumiza kwanuko m'bokosi lina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kuntchito andiimitsa kaye. Nkhani yanga akamba pa 20.

Bambo a ana


28 Meyi

Amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino, inu, ana ndi amayi. Mlongo wanu wabwerera kuntchito. Kapitawo wamuika pansi, posefa mchenga, sakukweranso m'mwamba. Ine bipi ili bwino, msana nawo wapuma, chifukwa ntchito yatha.

Andichotsa. Musalire, ndalira kale ine. Chilolezo changa chikhala ndi moyo miyezi iwiri, ndikapeza ntchito ina chisanafe ndikhala, ndikapanda mudzandiona ndi chikwama. A Ndevu akundifunsira ku kampani yochapa zovala. Mbuzi ija tsopano mukhoza kugulitsa ana ake akasiya kuyamwa.

A Ndevu akuti, "Sindinanene? Kabuku kaja!" Ndipo sakunama, anandinenera ndi Mayi Mafunso. Koma sanachite chakumbuyo. Anandiuza pamaso panga tsiku lomwe lija m'khonde.

"Ndiyenera kulemba, bambo. Mufayilo yanu mwalowa matenda a munthu wina. Tsiku lina mudzabwera inuyo pa machira musakulankhula, adzakupatsani mankhwala a mlamu wanu."

Pa 20 anabwera osaitanidwa n'kuwauza mabwana kuti ndikanakhala chete mnyamatayo akanafa, ndipo chimenechi achilembenso. Analemba, n'kundichotsabe. Apolisi sanaitanidwe. Mlongo wanu anamutsegulira fayilo ya dzina lake, ndipo mayiyo anamulembera pepala loti aziyenda nalo m'thumba: dzina la mankhwala, mlingo wake, ndi mankhwala amene sayenera kuphatikiza. Sindikudziwa ngati ndimuthokoze kapena ndimutukwane. Masiku ena ndimachita zonse ziwiri tiyi asanazizire.

Tsiku limene ndinakabweza yunifomu ndi baji ndinakumana naye pakhomo la ku ngozi. Mumtima ndinati lero andisiya, sindine wawonso. Ayi ndithu.

"Msana uli bwanji?"

Ndinati ukuwawa. Aka kanali koyamba kumuuza zoona popanda kufinyidwa.

"Kwanu kuli winanso amene amagwa? Nthawi zina zimayenda m'banja, ndipo zikagwidwa msanga mwana amakula bwinobwino."

Ndinati kulibe, n'kupita kukakwera basi. Ndili m'basimo ndi pamene mutu unayamba kugwira ntchito.

Amake ana, Lachisanu lija nditakuimbirani simunapite kukafufuza m'sutikesi kapena kunsi kwa bedi. Simunachedwe ngakhale mphindi. Ndinamva makapu akugundana, kenako muli kuwerenga. Bokosilo limakhala pashelefu ya makapu a tiyi. Ndipo mukulitembenuza ndinamva mapepala a mapiritsi akukhwakhwaza mkati, silinali lopanda kanthu. Mlongo wanu anachoka kumeneko mu Malichi. Ndani akumwa mapiritsi amenewo m'nyumba mwanga?

Asembule ya seveni koloko. Lilime lolumidwa. Ine n'kumalemba za tiyi ngati chitsiru.

Sindikukukalipirani. Ndikudziwa chimene mukuopa. Mukuopa pakamwa pa amayi, kuti adzati magazi a kwanu alowetsa matenda m'banja. Mukuopa kuti anzake adzasiya kudya naye mbale imodzi, ndiponso kuti ine ndidzayang'ana kumbali. Ndiye mwakhala nokhanokha miyezi yonseyi, kumamudulira mwana mapiritsi a amalume ake ndi mpeni, mtima uli m'mwamba. Amayi ndiwalembera ndekha, ndi amayi anga, ndikudziwa powagwira. A Hedi ndi mwana wanga, kaya agwe kangati.

Koma ndaona ndi maso anga zimene mapiritsi amenewa amachita akachuluka m'thupi la munthu wamkulu wosenza njerwa, nanji kamwana. Ndaonanso mayi uja akuyeza mwana pasikelo asanakoke dontho limodzi. Mwana wathu musamusiyitse mwadzidzidzi, ndinamva akumuchenjeza mlongo wanu kuti kutero n'koopsanso. Kalatayi ikafika, m'mawa mwake mum'veke nsapato zakuda zija mupite naye kuchipatala chachikulu. Bokosilo mutenge momwe liliri, musalisokerere m'nsalu. Muwauze tsiku limene anayamba kugwa, wagwa kangati, mwakhala mukumupatsa zingati. Akamulembere khadi la dzina lake.

Adzakufunsani mafunso ambiri mpaka mudzatopa nawo, mwinanso mudzaganiza kuti akufuna kukugwirani. Muyankhe onse.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo ake a Hedi